Mlamu wanga wojambula zithunzi ayambire pati ku Joni?

Abale amene muli ku Joni, ndigawireniko nzeru. Mlamu wanga, mnyamata wa ku France, wasamukira ku Johannesburg. Amajambula ndi kamera yakale ya filimu, zithunzi zakuda ndi zoyera zokhazokha, ndipo amatsuka yekha m'bafa atatchinga windo ndi bulangeti. Maganyu a paukwati amakana, akuti zithunzi zake n'zopachika pa zionetsero za zithunzi. Luso lilipo ndithu, koma lendi sidikira.

Tamva za Market Photo Workshop, sukulu yophunzitsa kujambula zithunzi imene katswiri wa zithunzi wa ku South Africa, David Goldblatt, anayambitsa mu 1989. Kodi amalandira ophunzira ochokera kunja? Nanga pa viza ya mlendo angagulitse zithunzi, kapena mpaka chilolezo chogwirira ntchito? Alliance Française, bungwe lolimbikitsa chiyankhulo ndi chikhalidwe cha ku France, ingamupezere malo oonetsera? Mwiniwakeyo mtima uli pa chionetsero cha zithunzi cha mumzinda wa Arles kwawo ku France, chimene chimayamba mu July, koma akufuna atchuke kaye ku Joni.