Zatheka: vuto linali mankhwala, osati nyale ya UV

Sabata yatha ndinafunsa chifukwa chake filimu yonse ya photoresist (yomata pa kopa, imene imasintha ikawalitsidwa) imakanganuka pa bolodi lopangira masaketi a zamagetsi (PCB) ndikangoliviika mu caustic soda, ngakhale mizere yomwe inawalitsidwa bwino ndi UV. Inu amene munati ndasokoneza mitundu iwiri ya photoresist, munalasa.

Yanga ndi dry film, ya negative: pamene pawalitsidwa ndi pamene pamalimba n'kutsala. Pa filimu imeneyi ntchito ya caustic soda, yemwe ndi sodium hydroxide, ndi kuichotseratu kumapeto, kopa wosafunika atadyedwa kale ndi mankhwala a ferric chloride. Ineyo ndinkatsatira osadziwa malangizo a mabolodi a positive, omwe amaviikidwa mu caustic soda akangowalitsidwa kuti mizere ioneke.

Pano ndikusungunula magalamu 10 a sodium carbonate mu lita imodzi ya madzi ofunda, pafupifupi madigiri 30. Ndikamapukuta pang'onopang'ono ndi kaburashi kofewa, pomatha mphindi ziwiri filimu yosawalitsidwa imakhala itachoka, kopa ali mbee. Soda wophikira ndinamuyesanso, ndi wofooka, ndinangotaya nthawi. Musaiwalenso kumatula kapulasitiki kapamwamba musanaviike. Bolodi limodzi linandipusitsa choncho, ndikumadabwa kuti bwanji palibe chikuchitika.

Chatsala n'chakuti m'mipata yopapatiza kwambiri mukutsalabe kachifunga kabuluu, ferric chloride osadyapo. Ndikukayikira kuti kuwala kukulowa pansi pa inki ya chithunzi cha mizere chomwe ndimaika pamwamba pa filimu powalitsa. Mawa ndichepetsa nthawi ya UV.