Ndithandizeni: ogula amwano nthawi ya seli, ndipirire mpaka pati?

Moni nonse a pagulu lino. Pepani ndilemba zambiri, nkhaniyi yandisowetsa tulo.

Ndimagwira ntchito pa tilu m'sitolo ina yaikulu, dzina sinditchula. Ndinayamba mu Epulo, ndiye ino ndi nyengo yanga yoyamba ya zikondwerero. Lachisanu lapitali tinali ndi seli ya Black Friday, tsiku limene masitolo amatsitsa kwambiri mitengo kumapeto kwa Novembala. Chitseko chitangotsegulidwa anthu anadzaza, mzere wanga unafika mpaka kumashelefu akumbuyo, ndipo kuyambira 7 koloko mpaka 2 koloko masana sindinakhaleko pansi.

Cha m'ma 11 kunabwera bambo wina ndi ayironi. Nditaiyika pa makina, mtengo unatuluka wonse, wosatsitsa. Iwo akuti pa shelefu palembedwa kuti yatsitsidwa. Mnzanga atapita kukaona anapeza kuti kapepala ka seli kanali ka ayironi ina yaing'ono, koma wina anakasuntha. Ndinawafotokozera mwaulemu. Anayamba kukuwa kuti ndine wakuba, kuti n'chifukwa chake ndinathera pa tilu, sukulu inandikanika. Kenako anaponya bokosi lija pa kauntala, linadumpha n'kundimenya pamkono. Anthu ena anatulutsa mafoni n'kumajambula.

Chimene chikundiwawa kwambiri si bambowo ayi. A supavaiza atafika anawapepesa, anawatsitsira mtengo, kenako pamaso pawo pomwepo anandiuza kuti, "Uzimwetulira, kasitomala ndi mfumu." Bambo aja anatuluka akupukusa mutu ngati ine ndiye wolakwa. Ndinapempha kupita kuchimbudzi, ndinakalira, n'kubwerera pa tilu manja akunjenjemera.

Masana mayi wina analowerera mzere. Nditati ayambe adikira, anakweza mawu, ine pochita mantha ndi zam'mawa zija ndinangowathandiza. Amene anali pambuyo anatembenukira ine, akuti ndikukondera.

Khirisimasi isanafike tili ndi maseli ena awiri, ndipo kontirakiti yanga adzaiunikanso mu Januwale. Inu amene mwagwirapo ntchito zoterezi, munthu akamakutukwana umatani? Ungokhala chete? Nanga a supavaiza ndiwauze kuti anandichititsa manyazi, kapena ndikhala ndikudziputira mavuto? Ntchitoyi ndikuifuna, koma mtima ukugunda ndikangoganiza za khamu limene libwerenso Loweruka.

Mayi wina wayankha:

Mwanangu, pepa. Ine ndakhala pa tilu zaka 11 ndipo chaka choyamba ndinaliranso. Ndikuuze zimene ndinaphunzira mochedwa.

Munthu akakweza mawu, iwe tsitsa ako, ndipo uzilankhula pang'onopang'ono. Kuti akumve amayenera kusiya kukuwa. Usamuuze kuti "khazikani mtima pansi", mawu amenewo ali ngati kuthira mafuta pamoto, chifukwa iye amamva ngati ukumunena kuti wapenga. Usanenenso kuti "si vuto langa", ngakhale zili zoona. Ine ndimatembenuza sikirini kuti aone yekha, n'kunena kuti, "Bambo, makina akuonetsa chonchi. Ine mphamvu yosintha mtengo ndilibe, koma ndikuitanireni amene angathe." Ukatero mkangano wachoka pakati pa iwe ndi iye, wapita pa mtengo. Ndipo a supavaiza uziwaitana msanga, mawu akangoyamba kukwera. Iwe unachedwa, unafuna kuti uthane nazo wekha. Wamkulu akafika zinthu zitafika kale poponyerana mabokosi, amangofuna kuti munthuyo atuluke, zivute zitani.

Za olowerera mzere, usamaweruze ndiwe. Kweza maso uyang'ane mzere wonse n'kufunsa mokweza kuti, "Wotsatira anali ndani?" Anthu amaloza okha. Wolowererayo akafuna kukangana akangane ndi anthu khumi, osati ndi iwe. Ngati ndi gogo, mayi woyembekezera kapena munthu wolumala, pempha mzerewo kuti, "Tingawalole awa adutse?" Sindinaonepo mzere ukukana ukapemphedwa. Chimene anthu amadana nacho ndi kudutsidwa popanda wowafunsa.

China chimene palibe amene anandiuza: mkangano ukayamba, tseka kaye kabati ya ndalama. Alipo ena amakuwa dala kuti usokonezeke pa chenje. Ngakhale amene sanabwere kudzaba, akachoka mutu wako umakhala sunabwerere, ndipo shoti yambiri imachitika pa makasitomala awiri kapena atatu otsatira. Imwa madzi, werenga chenje kawiri, mzere udikire pang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri amayi. Za kabatizo zandigunda, chifukwa tsiku limenelo ndinapezekadi ndi shoti ndipo sindimadziwa kuti yachokera pati.

Bambo wina wayankha:

Achemwali, ine ndili ndi kabizinesi kanga ndipo ndikuuzani zoona. Amene amakulipirani ndi kasitomala, osati bwana wanu. Munthu wasunga ndalama miyezi, waima pamzere maola awiri, kenako mukumuuza kuti mtengo umene wauona ndi maso ake si umenewo. Mukuti asakwiye? Kapepala kanasunthidwa m'sitolo mwanu, iye sanalakwe. A supavaiza anachita bwino kumutsitsira. Pirirani, ntchito ikusowa, ndipo musakayambe kudandaula kontirakiti ili pafupi kutha.

Mayi wachiwiri wayankha bambowa:

Bambo, pa za kapepala ndikugwirizana nanu. Kulakwa kunali kwa sitolo ndipo kumutsitsira sikunali koipa. Koma mwasakaniza zinthu ziwiri. Kukwiya ndi mtengo n'kwina, kutchula mwana wa eni ake kuti wakuba n'kumuponyera bokosi n'kwinanso. Mawu akuti kasitomala salakwa amati anawatchukitsa ndi eni masitolo akuluakulu monga Marshall Field wa ku Chicago ndi Harry Selfridge, amene anatsegula sitolo yake ku London mu 1909. Nthawi imeneyo wogula akapusitsidwa ankangouzidwa kuti akanayang'anitsitsa asanagule, ndiye iwo ankafuna kuti dandaulo la wogula lizimvedwa. Imeneyo ndi nkhani ya katundu ndi mtengo, sikupereka chilolezo chomenya wantchito. Akanakhala mwana wanu wabwera kunyumba ndi mkono wotupa, mukanamuuza kuti kasitomala ndi mfumu?

Bambo uja wayankhanso:

Za kuponya bokosizo ayi, pamenepo anaonjeza. Ine ndimanena za kukwiyako.

Bambo wina, mlonda:

Ndine mlonda, ndagwirapo pazitseko za masitolo nyengo ngati ino kangapo. Mlongo wanga, ndikufuna udziwe kuti munthu akamafika pa tilu yako atalusa, ukali wakewo wayambira kutali. Wakankhidwa pakhomo, wapondedwa, wapeza chimene anadzera chatha, palibe womuuza chilichonse. Iwe ndiwe woyamba kumuyang'ana kumaso, basi zonse amakutulira iwe.

Khamu la pa seli si lamasewera. Pa 28 Novembala 2008, pa sitolo ya Walmart ku Valley Stream, m'chigawo cha New York, anthu pafupifupi 2,000 anathyola zitseko m'bandakucha wa Black Friday, ndipo wantchito waganyu wa zaka 34 anapondedwa mpaka kumwalira. Bungwe la boma la America loona za chitetezo pantchito, OSHA, linaimba mlandu sitoloyo, osati ogula, chifukwa chosakonzekera khamulo. Pambuyo pake linatulutsa malangizo kwa eni masitolo: mzere uzikonzedwa ndi zotchinga ndipo usayambire pachitseko penipeni, anthu azilowa m'magulu, katundu wofunidwa kwambiri azigawidwa ndi matikiti, pazikhala wowauza anthu zimene zikuchitika, makomo otulukira asatsekedwe.

Ndazionera ndekha kuti pamene pali munthu woyenda m'mbali mwa mzere n'kumanena kuti "mawailesi atha, mafiriji atsala ochepa, kuchokera pano mudikira pafupifupi theka la ola", matukwano amachepa kwambiri. Munthu amapirira kudikira ngati akudziwa kuti adikira mpaka liti. Komanso mzere umodzi wopita kumatilu onse umachepetsa ndewu kusiyana ndi mizere isanu, chifukwa palibe amene amaona wobwera pambuyo pake akutuluka iye akadali chiimire. Izi si zoti ukonze ndiwe, ndi za mabwana, koma ukhoza kuzitchula pa msonkhano wam'mawa.

Ndipo ugwirizane ndi mlonda wa pafupi nawe chizindikiro, kaya kukweza dzanja kaya kutchula mawu enaake. Ife nthawi zambiri timakhala tayang'ana kuchitseko, sitidziwa kuti kumbuyo kwathu zavuta. Mlonda akangoima pafupi, osalankhula kanthu, ambiri amatsitsa okha mawu. Munthu akaponya chinthu kapena akatambasula dzanja kudutsa kauntala, bwerera m'mbuyo, usagwire katunduyo, usalimbane naye. Pamenepo ntchito yako yatha, yayamba yanga.

Mtsikana wina wayankha:

Ine ndilankhule ngati wogula. Chaka chatha ndinamukalipira mtsikana wa pa tilu chifukwa khadi langa linakana kawiri, netiweki inali itavuta. Ndinali ndi mwana kumsana akulira, anthu pambuyo akung'ung'udza, ndipo manyazi anga ndinawasandutsa ukali. Iye anangondiyang'ana n'kunena chapansipansi kuti, "Achemwali, si inu nokha, lero makinawa akuvutitsa aliyense. Tiyesenso." Ndinasowa chonena. Ndinabwererako patapita masiku awiri kukamupepesa. Sindikuikira kumbuyo bambo anakuponyerani bokosiwo, koma ena mwa ife timakuwa chifukwa taona ngati anthu onse akutiona kuti tilibe ndalama. Mukatichotsera manyaziwo timazizira.

Mnyamata wina wayankha:

Ingomutukwananso sisi, anthu ena amamva chinenero chimenecho basi.

Mayi woyamba uja:

Ayi mwanangu, usamvere zimenezo. Mafoni aja amajambula kuyambira pamene iwe wayankha, za poyamba palibe adzazione. Ntchito ithera iwe, iye ali kunyumba kwake.

Bambo wina, wa bungwe la ogwira ntchito:

Funso lanu lachitatu anthu alilambalala, ndiye ndiyankhe limenelo. Inde, a supavaiza muwauze. Koma osati pakati pa shifiti, osatinso pamaso pa anzanu. Apempheni mphindi zisanu sitolo isanatsegulidwe. Musapite ndi mawu oti "munandinyoza", chifukwa adzayamba kudziteteza ndipo simumvana. Pitani ndi pempho: "Bwana, Loweruka kukubweranso khamu. Munthu akanditukwana kapena kundiponyera chinthu, mukufuna ndizichita chiyani? Ndingasiye kumuthandiza n'kukuitanani?" Akayankha, mwapeza malire amene mwagwirizana, ndipo tsiku lina mukadzachoka pa tilu simudzaoneka ngati wamwano. Kenako muonjezere kuti ngati mwalakwitsa, muzidzudzulidwa kuseri, osati pamaso pa kasitomala. Wamkulu wanzeru amamva zimenezi. Mwinanso iwowo tsiku limenelo anali ndi mantha awo, pamwamba pawo palinso wina amene amawafunsa za madandaulo.

Zimene zinachitika Lachisanuzo muzilembe lero, mutu usanaiwale: tsiku, nthawi, nambala ya tilu, mawu amene ananenedwa, amene anaona. Ngati mkono unatupa, ujambuleni. Ngati m'sitolo muli makamera, pemphani msanga kuti kanemayo asungidwe, chifukwa makina ambiri amafufuta okha pakapita masiku. Kubayidwa ndi mawu n'kovuta kuonetsa, koma kumenyedwa ndi bokosi ndi ngozi ya pantchito ndipo iyenera kulowa m'buku.

Musadzione ngati mukupempha zachilendo. Mu Juni 2019 bungwe la dziko lonse loona za ntchito, ILO, linavomereza Pangano nambala 190 lothana ndi nkhanza ndi kuzunzidwa pantchito, ndipo limanena kuti nkhanza zochokera kwa anthu akunja, osati mabwana ndi antchito anzathu okha, nazonso ziziganiziridwa. Limagwira ntchito m'maiko amene alivomereza, koma mfundo yake ndi yomveka kulikonse. Ku Scotland anafika pokhazikitsa lamulo lapadera mu 2021 loti kumenya, kuopseza kapena kuzunza wogwira ntchito m'sitolo ndi mlandu pawokha. Sakanalemba lamulo lotere chikhala kuti vutoli ndi la inu nokha.

Ngati mukuopa za kontirakiti, musapite nokha. Funsani anzanu a pamatilu ena, mupeza kuti aliyense ali ndi yake nkhani. Mukapita atatu ndi pempho limodzi lokhudza Loweruka, imakhala nkhani ya kayendetsedwe ka ntchito, osati ya mtsikana mmodzi wodandaula. Mutu umodzi susenza denga.

Wofunsa:

Ndabweranso kudzakuuzani mmene zayendera. Ndinalemba zonse monga munanenera, ndipo dzulo m'mawa tinapita awiri ndi mnzanga wa tilu yoyandikana nayo, amene naye anatukwanidwa tsiku lomwelo. Mawu anga ankanjenjemera koma ndinafunsa funso lija mmene munalilembera, bambo.

A supavaiza sanapepese. Anakhala chete kanthawi, kenako anati sanaone kuti bokosilo linandimenya, ankaganiza kuti linangogwera pa kauntala. Ndinawaonetsa chithunzi cha mkono. Avomera kuti munthu akatukwana kapena kuponya chinthu tizisiya kumuthandiza n'kuwaitana, ndipo ati Loweruka tisanatsegule anthu awiri azizungulira mashelefu kuona ngati timapepala ta mitengo tili pamalo pake. Za mzere umodzi ati akafunsa kaye a manejala. Za nthawi yopuma sanayankhe, anangoti tiona mmene anthu achulukire, ndiye nkhani imeneyo ikadalipo.

Mlonda wathu ndalankhula naye, tagwirizana kuti ndikaika botolo la madzi pamwamba pa makina, abwere adzaime pafupi.

Amayi amene mwakhala pa tilu zaka 11, ndikufunseninso chimodzi. Bambo aja akadzabweranso n'kuima pamzere wanga, ndiwathandize ngati sindikuwadziwa, kapena ndipemphe mnzanga tisinthane?

Mayi woyamba uja:

Ngati manja ayamba kunjenjemera ukangowaona, sinthanani, palibe cholakwika. Ngati ukutha kupuma bwinobwino, apatse moni, uwathandize, uwerenge chenje chako kawiri. Botolo lija likhale pafupi.