Transcript ya digiri ya 2017 ndikaitenge kuti?

Moni nonse, akuluakulu. Kumene ndafunsira ntchito akufuna transcript (chikalata cha magiredi) mwezi uno usanathe, koma sindikudziwa ofesi yoyenera.

Ndinamaliza digiri ku Polytechnic ku Blantyre mu 2017, idakali nthambi ya University of Malawi (UNIMA). Mu 2021 paja anagawa nthambi za UNIMA: Poly inakhala yunivesite ya MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinakhala yunivesite ya KUHeS, Chancellor College (Chanco) n'kutsala ndi dzina la UNIMA. Satifiketi yanga imati University of Malawi, pamenepo ndiye pandisokoneza.

Ndafufuza pa intaneti, sindinapeze yankho. Anzanga a m'kalasi nawonso akutsutsana: wina akuti mafayilo athu ali ku Blantyre, wina akuti kwa Registrar wa UNIMA konkuno ku Zomba. Ndimakhala ku Chinamwali, ndipo ndalama ya minibasi yongoyendera chabe ndilibe.

Amene munatengapo posachedwa, munapita kuti? Munalipira zingati, ndipo zinatenga masiku angati?