Ndalama za mkombaphala zafika, koma ana akuti chimbudzi kaye

Achair (Limbe): Moni nonse abale. Anzathu a ku Joni atumiza K2,600,000 pa Mukuru yothandizira mkombaphala wa kwathu. Asungichuma atsimikiza kuti yalowa dzulo. Monga tinapangana mu Julaye, tiyamba ndi mpanda wa njerwa mbali ya kumsewu ndi chikwangwani. Tiwathokoze anyamatawa.

Anabanda: Ambuye awadalitse ana athu, awonjezere pomwe achotsapo.

Mlezi Esinati: Zikomo Achair, pepani ndilowererepo pang'ono ngakhale ndine wamng'ono. Sabata yatha titamva kuti kukubwera thandizo, ine ndi mnzanga tinawafunsa anawo. Tinawagawa m'timagulu n'kuwauza kuti atiyendetse pamalo ponse, atisonyeze pomwe amapakonda ndi pomwe amapaopa. Pafupifupi onse anatitengera ku chimbudzi chija tinakumba mwachangu namondwe wa Freddy atagwetsa chakale mu Malichi 2023. Sanalowe, amangoloza ali chapatali. Akuti bowo lake ndi lalikulu, mkati muli mdima, thabwa limagwedera. Kenako tinaika mbale zitatu, ina ya mpanda, ina ya chimbudzi, ina ya katungwe, mwana aliyense njere imodzi ya chimanga. Pa ana 44 omwe anabwera tsikulo, 29 anaponya ku chimbudzi, 12 ku katungwe, atatu ku mpanda. Apemphanso kuti mtengo wa mango uja usadulidwe, poti mzere wa mpanda ukudutsa pomwepo.

Malume Makwinja: Ndawerenga kawiri kuti mwina ndalakwitsa. Ana a zaka zitatu avota?

Malume Makwinja: Iwe Esinati, komiti inakhala pansi, amfumu analipo, VDC, komiti ya chitukuko cha m'mudzi, inalipo. Wakutuma ndani kukachititsa chisankho china?

Malume Makwinja: Mwana amene sadziwa kumanga batani la kabudula ndiye atiuze kogwiritsa ntchito mamiliyoni? Akabaza amathamanga pamsewu uja ngati akuthawa moto. Mwana akagundidwa mawa, njere za chimangazo zidzamudzutsa? Mawu a akulu amakoma akagonera, mudzandikumbuka.

Jemusi (Joni): Amalume, za njinga zamoto mukunena zoona. Koma ine za chimbudzi sindimazidziwa, ndipo ndaperekapo ndalama. Mwana wa achemwali anga anasiya kupita kumeneko, ife timati ndi ulesi.

Mlezi Esinati: Si ulesi achimwene. Ambiri akamva kupweteka m'mimba amathawira kunyumba osabwereranso, ena amapita kuseri kwa nthochi, pafupi ndi pomwe timaphikira phala. Ife alezi timadziwa kuti amachita zimenezo, timangowakalipira. Chifukwa chake tachimva tsiku limenelo.

Malume Makwinja: Ndiye vuto ndi alezi osati mpanda. Zaka ziwiri simunaone kuti bowo ndi lalikulu?

Nachisale (Leeds): Amalume, mwanena mfundo yeniyeni mosazindikira. Zaka ziwiri palibe wamkulu anaona, ngakhale inu ndi ine amene tinabwera pa Khrisimasi n'kujambulitsa zithunzi pakhonde. Sitinaone chifukwa phazi lathu ndi lalikulu, bowo lija kwa ife ndi labwinobwino. Amene amanjuta pamenepo ndi mwana. Ine kuno ndimagwira ntchito pa sukulu ya ana aang'ono, ndipo zomwe wachita Esinati ndi zomwe timaphunzitsidwa: mwana wa zaka zitatu sumufunsa ngati uli pamsonkhano, umamulola akutsogolere, ajambule, aloze, iwe n'kumayang'ana pomwe akuima ndi pomwe akuthawa. Esinati wachita zimenezi ndi njere za chimanga, wopanda malipiro. Tikanayenera kumuthokoza tisanamufunse kuti wamutuma ndani.

Malume Makwinja: Za ku UK zikhale ku UK komweko mwana wanga. Kuno mwana amamva, salamula.

Nachisale (Leeds): Palibe wanena kuti alamule. Kumva maganizo ake ndi kumupatsa chikwama cha ndalama ndi zinthu ziwiri zosiyana. Akanati tigule maswiti a K2 miliyoni tikanawakaniza n'kuwafotokozera chifukwa. Koma anena chinthu chomwe a zaumoyo akanatiuzanso. Ndipo si za azungu olemera ayi. Ku Reggio Emilia ku Italy, komwe anthu amapitako kukaphunzira za kumvera ana, sukulu yoyamba anaimanga ndi makolo a kumudzi nkhondo itangotha mu 1945, ndi njerwa zotola m'nyumba zophwanyidwa ndi mabomba. Anali anthu osauka ngati ife.

Aphunzitsi Opuma: Ndithirirepo ndemanga. Nkhaniyi ili m'malamulo omwe dziko lathu linavomereza. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, lomwe Malawi inalowamo mu 1991, ndime 12 imati mwana amene angathe kukhala ndi maganizo akeake ali ndi ufulu wowanena pa nkhani zomukhudza, ndipo maganizowo aganiziridwe molingana ndi msinkhu ndi kukhwima kwake. Silinaike zaka zoyambira. Mu 2005 komiti yoyang'anira panganoli inafotokozanso kuti ana aang'ono kwambiri nawonso ali momwemo. Tikamati mmera mpoyamba tisamangoganiza za a, e, i, o, u. Ine ndaphunzitsa Sitandade 1 zaka zambiri, ana ochuluka amafika atazolowera kale kuti ukafunsidwa funso uziyang'ana pansi. Komabe Esinati, funso langa ndi ili: poika mbale zija, sunawaonetse ndi nkhope komwe iwe umafuna? Ana amatsata maso a mlezi.

Mlezi Esinati: Aphunzitsi, ine ndimafuna mpanda, chifukwa mbuzi zimatidyera ndiwo za m'dimba la ana. Mnzanga ndi mboni. Koma n'zoona kuti ena amaonera anzawo poponya, makamaka ang'onoang'ono. Tikhoza kubwereza, aliyense aziponya payekha kuseri kwa chitseko.

Malume Makwinja: Mubwereze kangati? Simenti ikukwera mtengo tsiku ndi tsiku.

Malume Makwinja: Ndipo poti mwatchula za malamulo, tiyeni tiyambe ndi lamulo loti matumba 30 a simenti a kamlatho ka kudambo anapita kuti. 2021 mpaka lero lipoti kulibe. Amene ankasunga kiyi ali pagulu pompano, akuwerenga, mizere ikuoneka ya buluu.

Asungichuma: Amalume musandiyambe. Nthawi imeneyo msungichuma sindinali ine, ndipo malisiti a ndalama zino ndaika pano dzulo.

Malume Makwinja: Sindinatchule dzina la munthu. Wadziwotcha yekha ndani?

Che Dauda: Matumba aja 12 anauma ndi mvula m'kalasi lodontha, tonse tinaona. Otsalawo funsani amene anabwereka kuti adzabweza akakolola nandolo.

Anabanda: Che Dauda, ngati mukunena malemu amuna anga nenani poyera. Munthu anagona, sangadziyankhire.

Che Dauda: Ayi mayi, sindikunena iwo, pepani ngati zamveka choncho.

Achair (Limbe): Abale chonde, za simenti zili ndi tsiku lake. Tibwerere ku mkombaphala.

Malume Makwinja: Tsiku lake ndi liti Achair? Chaka chilichonse tsiku lake. Ine chifukwa chake ndikufuna mpanda, mpanda umaoneka, aliyense wodutsa atha kuwerenga njerwa. Ndalama zikalowa m'dzenje la chimbudzi mudzatiuza kuti pansi panali thanthwe, akumbi anawonjezera mtengo, basi zatha.

Jemusi (Joni): Apa ndiye mwanena chomwe chikukuvutani amalume. Simukukana ana, mukuopa kuberedwa. Ifenso timaopa, ndalamazi timazipeza movutika. Koma wakuba amaba pa mpanda pomwe. Ndalankhula ndi anyamata atatu kuno, akuti chimbudzi cha ana chiyambe, cha zitseko ziwiri, bowo laling'ono, zenera loti muziwala, ndi mpondagiya wosambira m'manja panja. Zotsala tiike mpanda wa nsungwi kapena waya mbali ya kumsewu yokha, uzungulire mango uja. Chikwangwani chidikire.

Malume Makwinja: Anyamata atatu si onse a ku Joni. Anapereka ndi anthu 17.

Nachisale (Leeds): Chilichonse chomwe tigwirizane, pempho langa ndi limodzi. Wina apite akawauze anawo zomwe tasankha ndi chifukwa chake, ngakhale titasankha mpanda. Anafunsidwa, anayankha, akudikira. Tikangokhala chete aphunzira kuti akuluakulu amafunsa mwamwambo chabe, ndipo tsiku lina pakadzachitika choipa kwambiri kuposa bowo la chimbudzi sadzatiuza.

Mlezi Esinati: Dzulo kamtsikana kena kandifunsa kale kuti "aunt, mbale yathu inawina, ayamba liti kukumba?" Ndinangoti akuluakulu akukambirana.

Malume Makwinja: Ukawauze kuti akuluakulu akufuna kaye matumba 30.

Aphunzitsi Opuma: A Makwinja, mdzukulu wanu wa kwa Feliya amapitanso pamenepo. Mukapita kumudzi Loweruka mumugwire dzanja akakuonetseni yekha, kenako mudzatiuze.

Malume Makwinja: Ndipita, koma ndikupita kukayeza mzere wa mpanda.

Achair (Limbe): Ndalama zisakhudzidwe mpaka tikumane Lamlungu 3 koloko pa foni. A ku Joni mutumize maganizo a anthu onse 17. Esinati, bwereza za njere zija Lachisanu, pakhale mayi mmodzi wa komiti ya makolo.

Che Dauda: Lamlungu 3 koloko kuli mpira Achair, ambiri sadzalowa.

Anabanda: Ine ndisanalowe msonkhano uliwonse, Che Dauda atchule kaye dzina la amene anabwereka simenti.