Kodi achipatala a usilikali angathandize bwanji mnzawo amene wasokonezeka maganizo kunkhondo?

Mayi wa ku Senga Bay

Mwana wanga wamwamuna ndi wachipatala ku Malawi Defence Force, ndipo ali m'gulu la amene akukonzekera kukasungitsa mtendere kunja kwa dziko lino. Wandiuza kuti kuwonjezera pa kumanga mabala ndi kuletsa magazi, akuphunziranso chithandizo choyamba cha m'maganizo, chimene iwo amangochitchula kuti PFA. Ine ndimadziwa kuti wodwala maganizo amapita naye kuchipatala cha ku Zomba kumene kuli akatswiri, choncho sindikumvetsa kuti mnyamata amene sanaphunzire za matenda amenewa angachitepo chiyani m'nkhalango. Ndikupempha amene mukudziwa mundifotokozere, komanso mundiuze kuti iye mwini akadzathedwa nzeru adzamuthandiza ndani.

Sajeni wopuma, Salima

Mayi, funso lanu ndi lomveka. Mu 2013 asilikali athu anayamba kutumizidwa kum'mawa kwa Democratic Republic of Congo pamodzi ndi a ku Tanzania ndi South Africa, m'gulu la United Nations lopatsidwa mphamvu zothira nkhondo zigawenga. Mu Novembala 2018 tinataya anzathu angapo pafupi ndi mzinda wa Beni m'dzikolo, ndipo mmodzi mwa iwo anali Private Chancy Chitete, amene anaphedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania. Pa tsiku ngati limenelo dokotala wa maganizo sakhala pafupi. Amene amakhalapo ndi wachipatala wonyamula chikwama cha mabandeji.

Ndinaonapo msilikali wopanda bala lililonse atakhala pa bokosi la zipolopolo, manja akunjenjemera moti kapu ya madzi inkagunda mano, koma mfuti osaisiya. Wachipatala wodziwa ntchito amayamba wamufufuza ngati wavulala, chifukwa kutaya magazi m'kati kapena kuvulala m'mutu kumaonekanso ngati mantha. Akatsimikiza, amamuchotsa pamene pali mitembo, amapempha mnzake amusungire mfuti, amakhala naye pansi n'kumuitana ndi dzina lake. Akafunsa za mnzake amene wanyamulidwa pa ndege, amamuuza zoona zimene akudziwa, osamunamiza kuti achira. Mawu akuti "mwamuna salira" pamenepo saloledwa. Munthuyo adye, agone, akhale pafupi ndi gulu lake, ndipo auzidwe kuti zimene zamuchitikirazo zimachitikiranso asilikali olimba mtima. Nzeru yosamalira msilikali mwamsanga, kufupi ndi anzake, uku mukuyembekeza kuti abwerera pa ntchito, inayamba pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse.

Namwino wa ku Nkhotakota

Ndikugwirizana ndi zimene bambo anena pamwambapa, ndipo ndiwonjezere kuchokera ku mbali yathu ya anamwino. Mu 2011 bungwe la World Health Organization ndi mabungwe anzake linatulutsa malangizo a chithandizo chimenechi, ndipo msana wake ndi ntchito zitatu: kuona, kumvetsera ndi kulumikiza munthu ndi thandizo limene akufunikira. Sichifuna digiri, n'chifukwa chake amaphunzitsanso aphunzitsi ndi anthu ongodzipereka pa nthawi ya madzi osefukira.

Chovuta kwambiri kuphunzira ndi kumvetsera, chifukwa ife achipatala tinazolowera kufunsa mafunso ndi kulemba mankhwala. Kale anthu akapulumuka pa ngozi ankawasonkhanitsa kuti aliyense afotokoze zonse zimene waona, poganiza kuti akalankhula mtima upepuka, koma kafukufuku anaonetsa kuti kukakamiza kotereku sikuteteza munthu ndipo ena kumawaonjezera vuto. Wofuna kulankhula mumveni mpaka amalize, wosafuna mukhale naye chete. Mu 2013 bungwe lomweli linalangizanso kuti mankhwala okhazika mtima pansi a mtundu wa diazepam asaperekedwe pofuna kuchepetsa mantha kapena kusowa tulo m'mwezi woyamba, ngakhale kuti dzanja la wachipatala limathamangira kumeneko.

Anthu ambiri amakhazikika okha pakapita masiku kapena milungu ingapo. Mwana wanu akuphunzira kuzindikira ochepa amene sayenera kusiyidwa okha: amene akulankhula zodzipha, amene sakudziwa kumene ali, amene angavulaze ena, komanso amene mwezi watha akulotabe zoopsa ndi kudzidzimuka. Amenewa ndiwo amawatumiza kwa dokotala.

Mlamu wa msilikali, Chipoka

Ine sindikutsutsa maphunzirowa, koma ndikukayika ngati pawokha angakwanire. Msilikali amene wapita kunja amakhala atawerengera kale ndalama zake, mwina wayamba ndi maziko a nyumba, ndiye amaopa kuti akaulula kuti sakugona amubweza kumudzi ndipo anzake amutcha wamantha. Ngati sakukhulupirira kuti wachipatala asunga chinsinsi, sadzatsegula pakamwa. Palinso nkhani ya maudindo: kopolo angamuuze bwanji meja kuti bwana, mukufunika kupuma? Akuluakulu olamula nawonso aphunzitsidwe, apo ayi wachipatala adzakhala akumvetsera anthu amene sangathe kuwapezera ngakhale tsiku limodzi lopuma. Ndipo tisaganize za ku Congo kokha, pakuti mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atawononga ku Blantyre, asilikali omwewa ndi amene ankakumba matope kufunafuna mitembo.

Sajeni wopuma, Salima

Achimwene mwakhudza pamene pali bala. Chinsinsi chili ndi malire ake, chifukwa munthu wonyamula mfuti akanena zodzipha wachipatala ayenera kudziwitsa womulamula, ndipo ndi bwino asilikali onse auzidwe malire amenewa asananyamuke kusiyana n'kudzawazindikira pambuyo.

Mayi, pa funso lanu lachiwiri, wachipatala ndiye amaona zoopsa zambiri kuposa wina aliyense, ndipo mnzake akamufera m'manja amadziimba mlandu. Mulimbikitseni kuti asananyamuke asankhe mnzake mmodzi woti azionerana, komanso asamachite manyazi kupita kwa m'busa kapena shehe wa gulu lawo. Akakuimbirani foni musamufunse kuti waona chiyani. Muuzeni za kumunda ndi za ana, ndipo akayamba yekha kufotokoza musamudule mawu. Akadzabwera, mukaona kuti mowa wachuluka, akukwiya msanga kapena akugona ndi nyali yoyaka kwa milungu yambiri, muperekezeni kuchipatala cha kubalaki kapena cha boma kuti akaonane ndi wa za maganizo.