Nyali za ABS, TC ndi HDC zikuyaka mwa apo ndi apo pa Discovery 2: kodi vuto ndi sensa?

Mwini Td5, Mzuzu:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumaidziwa bwino Land Rover Discovery 2. Yanga ndi ya injini ya Td5, ya chaka cha 2001, ndipo imayenda kwambiri m'misewu ya fumbi, makamaka wochoka ku Rumphi kudzera ku Bolero kukwera ku Nyika. Kwa miyezi ingapo tsopano nyali zitatu zachikasu za pa dashibodi, ya ABS (yoteteza mawilo kuti asamangike poponda buleki), ya TC (yoletsa wilo kuterereka) ndi ya HDC (yothandiza kutsika mtsetse pang'onopang'ono), zikumayaka pamodzi galimoto ili pa ulendo. Pa phula ndimatha kuchoka ku Mzuzu mpaka kukafika ku Karonga osaona kanthu, koma ndikangolowa msewu wa timabampu totsatizana, kapena ndikakhotera kumanzere kwambiri ndikuyenda pang'onopang'ono, zimayaka. Nthawi zina ndikazimitsa injini n'kuilizanso zimazima, nthawi zina zimakhalabe choyaka. Chinanso n'chakuti ndikamaima, galimoto itatsala pang'ono kuimiratu, pedulo ya buleki imanjenjemera ngati kuti ABS yagwira, chonsecho pansi pali pouma. Makaniko amene ndinamuonetsa analumikiza kachipangizo kake ka OBD, kowerengera zolakwika za galimoto, koma sanapeze cholakwika, ndipo akuti ndigule masensa onse anayi oyeza liwiro la mawilo. Kodi ndiyambire pati?

Wa magetsi a galimoto, Lilongwe:

Bambo, musagule kaye masensa anayiwo. Nyali zitatuzo zimayakira limodzi chifukwa zonse zimalamulidwa ndi kompyuta imodzi yotchedwa SLABS, imene ili kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo kwa mpando wa pasenjala, ndipo ikangokayikira uthenga wochokera ku wilo limodzi imasiya ntchito zonse zitatu. Kachipangizo wamba ka OBD sikalankhula ndi SLABS, n'chifukwa chake makaniko wanuyo sanaone kanthu. Pamafunika makina odziwa Land Rover, monga Nanocom kapena Hawkeye, amene amakuuzani wilo limene likudandaula ndiponso mtundu wa vutolo, kaya ndi waya woduka kapena uthenga wofooka. Kusiyana kwa ziwirizi n'kofunika kwambiri, pakuti kumakuuzani ngati mufufuze mawaya kapena habu, chitsulo chimene wilo limamangidwapo.

Sensa ya galimoto imeneyi ndi maginito okulungidwa ndi koyilo, ndipo silandira magetsi kuchokera ku batire. M'kati mwa habu muli mkombero wachitsulo wa mano, ndipo mano amenewa akamadutsa pafupi ndi nsonga ya sensa, koyilo imatulutsa magetsi ochepa osinthasintha mbali, otchedwa AC, amene mphamvu yake imakula wilo likamathamanga ndipo imachepa wilo likamaima. Mpata wa pakati pa nsonga ndi manowo ukangokula pang'ono, uthenga umafooka, ndipo umayamba kusowa pa liwiro lochepa pamene magetsiwo ndi ochepa kale. Kompyuta ikaona mawilo atatu akuzungulira koma limodzi langoti zii, imaganiza kuti wilo limenelo lamangika, ndiye imamasula buleki yake. Kunjenjemera kwa pedulo kumene mwanenako ndi kumeneko, ndipo kwa ine n'kumene kukuloza kwambiri ku habu kapena ku sensa imodzi, osati zonse.

Pamene mukudikira makinawo, pali zimene mungachite ndi jeke ndi mita yoyezera magetsi. Tsekerani mawilo ndi miyala kapena matabwa musanakweze, chifukwa handibuleki ya Discovery imagwira shafti ya kumbuyo osati mawilo enieniwo, ndipo ikani sitandi pansi pa ekiselo. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Likamagwedera ngakhale pang'ono, beringi ya m'habu yatha, ndipo ndi imene ikusuntha mkombero wa mano galimoto ikamakhota. Kenako zulani pulagi ya sensa n'kuyeza: yabwino imaonetsa ma ohm a pakati pa 950 ndi 1,100. Musakhutire ndi nambala yoyambayo. Mita ili chilumikizire, pindani waya wa sensa pang'onopang'ono kuyambira pa habu mpaka pa pulagi, wina akukhotetsa chiwongolero mbali zonse ziwiri, chifukwa waya woduka m'kati chikopa chake chili bwinobwino umaonetsa nambala yabwino uli phee, ndipo umangodumpha ukasunthidwa. Pomaliza ikani mita pa AC, giya ili pa nyutulo, zunguzani wilo ndi dzanja, ndipo muyerekeze la kumanja ndi la kumanzere pa liwiro lofanana. Popeza mwati zimachitika mukakhotera kumanzere, pamene kulemera kwa galimoto kumatsamira kumanja, ine ndikanayambira wilo la kutsogolo kumanja.

Muonenso batire ndi mawaya a ethi, olumikiza batire ku thupi la galimoto, pakuti magetsi akatsika poliza injini kompyuta imeneyi imadandaulanso.

Wa Land Rover zakale, Johannesburg:

Ndikugwirizana nawo akulu a ku Lilongwe, koma ndionjezere chinthu chimodzi chimene eni Discovery 2 ambiri anagulira masensa pachabe. Galimoto zimenezi, zimene zinapangidwa kuyambira 1998 mpaka 2004, zili ndi bokosi la ABS la kampani ya WABCO pafupi ndi injini, ndipo pansi pake pali kambale ka pulasitiki ka masiwichi awiri amene amauza kompyuta kuti buleki yapondedwa. Malo amene kambaleka kamalumikizana ndi bokosi m'kati amang'aluka ndi kugwedezeka kwa zaka zambiri, ndipo nthawi zina mafuta a buleki amadontha kudzera m'marabala otha n'kulowa m'masiwichimo. Zotsatira zake n'zofanana ndendende ndi zimene mwafotokoza, nyali zitatu zoyaka pa mabampu n'kuzima mukalizanso injini. Masiwichi abwino amaonetsa pafupifupi ma ohm 3,000 onse ali omasuka, 2,000 mukadina imodzi, ndi 1,000 mukadina onse awiri. Kukonza kwake kodziwika ndiko kuwotcherera mawaya awiri mwachindunji ku masiwichiwo, umodzi kupita ku waya wa chikasu ndi chobiriwira wa pa pulagi ya bokosi, wina kupita ku ethi, kuti malo ong'alukawo alambalalidwe. Ngati mwapezamo mafuta, marabala ayenera kusinthidwanso, apo ayi masiwichi atsopano adzaonongeka momwemo.

Kunjenjemera kwa pedulo sikuchokera ku masiwichi, choncho n'zotheka kuti muli ndi mavuto awiri nthawi imodzi, zimene sizachilendo pa galimoto ya zaka zimenezi.

Mwini Td5, Mzuzu:

Zikomo kwambiri akuluakulu nonse. Ndapeza munthu amene ali ndi Nanocom, ndipo yaonetsa uthenga wofooka pa wilo la kutsogolo kumanja. Za masiwichi sinatchule kalikonse. Titayenda pang'onopang'ono tikuyang'ana liwiro la mawilo onse anayi, la kumanjalo limatsalira anzake kenako n'kusoweratu galimoto isanaime. Sensa ikuonetsa ma ohm oyenera ndipo nambala sinadumphe popinda waya, koma tayala likugwedera pang'ono ndithu. Titamasula kabawuti n'kuzula sensa, nsonga yake inali itakutidwa ndi girisi wakuda wosakanikirana ndi tizitsulo tonyezimira timene tinamatirira pa maginito. Tapukuta n'kuibwezera, ndipo nyali sizinayakebe. Kodi ndingayende choncho, kapena ndigule sensa yatsopano yokha?

Wa magetsi a galimoto, Lilongwe:

Bambo, tizitsulo timeneto tachokera m'beringi imene ikudyeka, ndiye kupukuta kwangokugulirani nthawi yochepa. Sensa yatsopano m'habu yogwedera idzachita zomwezo, ndipo mwina mano a mkombero adzaikhula nsonga n'kuiononga. Pa Discovery 2 beringi siyomanga ndi sipanala monga zilili pa Land Rover Defender. Inatsekeredwa m'habu, ndipo ikatha mumasintha habu yonse, imene nthawi zambiri imabwera ndi sensa yake. Ngati yabwera nayo musaizule, chifukwa mpata wake unaikidwa kale, ndipo kafumbi kochepa kolowa pansi pa mutu wa sensa n'kokwanira kuikweza. Muonetsetse pogula kuti waya wake ndi pulagi zikufanana ndi zanu, popeza pali masensa a waya wautali ndi a waya waufupi. Mahabu otchipa kwambiri sindimawakhulupirira. Ndaonapo ena akuyatsa nyali asanathe n'komwe nyengo imodzi ya mvula.

Nati ya pakati pa habu ndi ya 32 mm ndipo imamangidwa pa 490 Nm, mphamvu imene sipanala wamba wa garaja sangaiyeze, choncho funsani kaye ngati makaniko wanu ali ndi chida choyezera chofika pamenepo, ndipo aike nati yatsopano n'kuikhoma pa kamphako kake. Nati yosamangika bwino imapha beringi yatsopano msanga. Waya udutse m'timabulaketi take tonse, usakhudze tayala kapena sipuling'i, ndipo muuyese chiwongolero chili kumapeto mbali zonse ziwiri. Ngati galimoto inakwezedwa ndi masipuling'i aatali, muuyesenso ekiselo italendewera, chifukwa m'pamene umakokeka. Pa pulagi tsukani matope ndi dzimbiri, muike girisi wa magetsi pang'ono, pakuti madzi a m'mitsinje imene mumaoloka amalowera pomwepo. Mukamaliza fufutani zolakwika zakale ndi Nanocom yomweyo, muyendenso mukuyang'ana mawilo anayi, onse azitsika limodzi mpaka galimoto itaima.

Za ulendo wa ku Nyika, ine ndikanadikira habu ifike. Nyalizo zikayaka mabuleki wamba amagwirabe, koma TC ndi HDC zimakhala zitasiya ntchito, ndipo Discovery 2 zambiri za zaka zimenezo zinatuluka m'fakitale zopanda chogwirira chotsekera difu ya pakati, imene imagawa mphamvu ku mawilo a kutsogolo ndi a kumbuyo, chifukwa Land Rover inadalira TC kuti igwire wilo loterereka. Ngati yanu ili m'gulu limenelo, wilo limodzi likangoyamba kuzungulira m'matope galimoto yonse imaima pomwepo. Pamene habu ya kumanja yatuluka, mugwedezenso tayala la kumanzere, popeza onse awiri ayenda msewu umodzimodzi.