Za njinga yogwedezeka ija, ndayesa zomwe munandiuza

Sabata yatha ndinafunsa chifukwa chake mahandulo a njinga yanga amanjenjemera ndikanyamula ufa kuchokera ku Soweto Market kupita ku Matero kuno ku Lusaka. Zikomo nonse, makamaka inu achimwene amene munati ndione pomwe katundu akukhala.

Munanena zoona. Thumba likapitirira kumbuyo kwa kaliyala, kutsogolo kumapepuka, tayala siligwira bwino pansi, ndiye njinga imayamba kuvina. Tsopano matumba awiri a 25 kg ndimawasendeza mpaka agunde mpando, n'kuwamanga ndi mphira mopingasa kuti asasunthe ngakhale pang'ono. Katundu wosanjikiza m'mwamba ndiye woopsa kwambiri, pokhota amakukokera pansi. Tayala lakumbuyo ndalipopanso kuti lilimbe, ndipo amakanika anamanga masipoko omwe anali olefuka.

Kugwedezeka kwatha. Koma mabuleki ndi nkhani ina. Njinga yolemera siyiima msanga, ndipo pa Lumumba Road minibasi imangoima mwadzidzidzi patsogolo pako, choncho ndimayamba kugwira buleki ndikadali patali.

Amene mumanyamula makala, matumba ataliatali aja mumawamanga bwanji mphepo ikamawomba cham'mbali?